Thiraki Yopanda Dalaivala: Kodi Mwana Aphunzirebe Ntchitoyi?

Lamulungu lina, mapemphero a m'mawa atatha, tinaima pakhomo la tchalitchi kupatsana moni ndi akhristu monga mwa nthawi zonse. Mayi wina wamasiye anatsalira m'mbuyo kudikira kuti anthu achepe. Atayandikira anapinda mawondo mwaulemu nati, "Abusa, ndili ndi funso, koma si la m'Baibulo ayi." Tinawauza kuti alankhule momasuka.

Mwana wawo wamwamuna, amene analemba mayeso a Fomu 4 chaka chatha, akufuna ntchito ya malemu bambo ake, amene anayendetsa mathiraki pa njira ya ku Beira kwa zaka zoposa 20. Mayiwo anali atagulitsa kale mbuzi ziwiri kuti mnyamatayo akayambe sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, ndipo ankalingalira zogulitsa yachitatu. Koma mwana wa mchimwene wawo anawaonetsa kanema pafoni: chithiraki chikuthamanga pa msewu wa ku America, pampando wa dalaivala palibe munthu, chiwongolero chikudzipotokola chokha. "Tsono abusa," anatero mayiwo, "ndimalize mbuzi zanga m'khola chifukwa cha ntchito yoti mawa idzakhala kulibe?"

Sitinawayankhe pomwepo, pakuti funso lokhudza mbuzi za mayi wamasiye siliyenera yankho longopeka. Tinapempha masiku kuti tikafufuze, ndipo zimene tinapeza taona kuti n'kwabwino tigawane nanu, owerenga athu okondedwa, popeza mumpingo uliwonse wa m'tauni kapena wa m'mbali mwa msewu waukulu simulephera kupezeka banja limene nsima yake imachokera ku thiraki. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere. Mafuta a galimoto, feteleza, mchere, mankhwala a m'zipatala ndi zitsulo zomangira zimafika kuno kudzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, ndipo gawo lalikulu la katunduyu limabwera pamsewu. Fodya, tiyi ndi shuga wathu amatulukanso motero. Choncho nkhani ya dalaivala wa thiraki imakhudza mphika wa aliyense wa ife.

Zimene zachitika kale

Kanema amene mayi aja anaona si wabodza. Ntchito yopanga galimoto zodziyendetsa inakula mphamvu mu 2004, pamene nthambi ya kafukufuku ya asilikali a ku America yotchedwa DARPA inakonza mpikisano m'chipululu cha Mojave. Pa tsikulo panalibe galimoto ndi imodzi yomwe imene inamaliza ulendo. Imene inayesetsa koposa inayenda makilomita osakwana 12 n'kukanirira pamenepo. Chaka chotsatira, mu 2005, galimoto 5 zinamaliza ulendo wa makilomita 212, ndipo yopambana inali ya akatswiri a pa yunivesite ya Stanford. Kuchokera pamenepo eni chuma anayamba kuthira ndalama zawo pa nzeru yatsopanoyi.

Mu Okutobala 2016 kampani ya Otto, imene inali itangogulidwa kumene ndi Uber, inayendetsa thiraki yodzaza mowa wa m'zitini makilomita pafupifupi 190, kuchokera ku Fort Collins kukafika ku Colorado Springs, dalaivala atachoka pachiwongolero n'kukakhala kumbuyo kogona. Ambiri anayesa kuti madalaivala onse atha ntchito m'mawa mwake. Sizinatero. Mu 2018 Uber inatseka nthambi yake ya mathiraki. Kampani ya Starsky Robotics inagwa mu 2020. TuSimple, imene mu Disembala 2021 inayendetsa thiraki yopanda munthu m'kati kuchokera ku Tucson mpaka ku Phoenix ku Arizona, inatseka ntchito zake za ku America kumapeto kwa 2023. Chaka chomwecho kampani ya Embark inatha, ndipo Waymo, ya eni ake a Google, inaika pambali za mathiraki n'kulimbikira za matakisi. Ndalama zankhaninkhani zinalowa m'madzi.

Komabe si onse amene anagwa. Pa 1 Meyi 2025 kampani ya Aurora inalengeza kuti yayamba kunyamula katundu wa makasitomala popanda dalaivala pakati pa mizinda ya Dallas ndi Houston ku Texas, mtunda woposa wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe. Patangotha milungu yochepa, kampani yopanga mathirakiwo ya PACCAR inapempha kuti pampando wakutsogolo pazikhala munthu woyang'anira, ndipo Aurora inavomera, ngakhale kuti oyendetsa anali makina omwewo. Chakumapeto kwa chaka chomwecho inatsegula njira ina yaitali, ya Fort Worth kupita ku El Paso. Kumadzulo kwa Texas komweko, mu Disembala 2024, mathiraki a kampani ya Kodiak anayamba kututa mchenga wopita ku zitsime za mafuta popanda munthu m'kati, koma pa misewu ya eni malowo.

Kumene makinawa akhazikikadi ndi kumigodi. Ku Pilbara, kumadzulo kwa Australia, kampani ya Rio Tinto inayamba kuyesa zimathiraki zonyamula miyala ya chitsulo zopanda dalaivala mu 2008, ndipo oziyang'anira amakhala muofesi mumzinda wa Perth, makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera kumigodiko. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mumgodi msewu ndi wa kampani, wotchingidwa kwa anthu wamba. Mulibe ana a sukulu, mulibe mbuzi, mulibe woledzera wodzandira, ndipo ulendo ndi womwewomwewo usana ndi usiku.

Chiwongolero ndi gawo chabe

Nanga thiraki yotere imaona bwanji? Ili ndi makamera mbali zonse, ili ndi radar, ilinso ndi chida chotchedwa lidar, chimene chimaponya kuwala kosaoneka ndi maso n'kuyeza nthawi imene kuwalako kwatenga kuti kubwerere, monga mleme umadziwira khoma mumdima pomvera kubwerera kwa mawu ake. Kompyuta imaphatikiza zonsezi ndi mapu a msewu amene anajambulidwa kale mwatsatanetsatane, ndipo imalamula chiwongolero, mafuta ndi mabuleki. Texas anaisankha chifukwa misewu yake ikuluikulu ndi yotakata, yowongoka, yolembedwa mizere yooneka bwino, ndipo malamulo a kumeneko analola galimoto zotere kuyambira mu 2017. Ngakhale zili tero, kawirikawiri thirakiyo imayenda kuchokera pa siteshoni ina ya m'mbali mwa msewu waukulu kukafika pa siteshoni inzake. Anthu ndi amene amalumikiza ngolo ya katundu, kuyendera matayala ndi mabuleki, kuthira mafuta, ndi kutsatira ulendo wonse pa makompyuta ali muofesi.

Pali kankhani kena kamene katiphunzitsa zambiri. Lamulo la ku America limati thiraki ikaima m'mbali mwa msewu chifukwa cha vuto, dalaivala atuluke n'kuika zizindikiro zochenjeza anzake pasanathe mphindi 10. Tsono thiraki yopanda munthu ilibe miyendo yotulukira. Aurora ndi Waymo anapempha kuti aloledwe kugwiritsa ntchito magetsi othwanima oikidwa pa thirakiyo. Boma linakana mu Disembala 2024, nkhani inafika kubwalo la milandu, ndipo chilolezo chinadzaperekedwa mu 2025. Akatswiri amene anagonjetsa zovuta zikuluzikulu anakodwa kwa miyezi ndi kantchito kamene mnyamata wothandiza dalaivala kwathu kuno amachita pongothyola nthambi za mtengo n'kuziyala pamsewu.

Taganizirani tsopano ulendo wa dalaivala wathu. Asananyamuke ku Beira amawerenga matumba, amakoka lona ndi kumanga zingwe, pakuti thumba limodzi likasowa kapena kunyowa mlandu ndi wake. Akawoloka Zambezi ku Tete n'kufika pa chipata cha Zobue ndi Mwanza, amanyamula mapepala kupita nawo pa zenera ili ndi ilo, kulankhula Chipwitikizi chongotolatola, nthawi zina kudikira masiku pamzere. Usiku amagona m'thiraki momwemo, khutu limodzi lili kunja kumvera akuba mafuta ndi mabatire. Tayala likaphulika pakati pa tchire, makanika ndi iye yemwe. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai atasakaza Beira ndi kudula msewu wopita kumeneko, mapu onse ojambulidwa kale akanakhala opanda ntchito. Anafunika anthu ofunsa njira ndi kuganiza.

Amene amachokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe amakumana ndi phiri la Chiweta, pamene giya imodzi yolakwika imatha kutayitsa moyo. Pa Lizulu kapena pa Lunzu tsiku la msika, msewu wa M1 umadzaza ndi ogulitsa mbatata ndi tomato, akabaza, ngolo za ng'ombe ndi maminibasi oima paliponse. Pamenepo dalaivala amawerenga nkhope za anthu. Amaona kuti mwana uyo akuyang'ana kwa mayi ake kutsidya, ndipo awoloka tsopano lino. Akaona masamba pamsewu amadziwa kusiyanitsa pamene pafa galimoto ndi pamene pali maliro, nachepetsa liwiro mwaulemu. Zonsezi ndi ntchito ya dalaivala, ndipo kugwira chiwongolero ndi gawo limodzi chabe la ntchitoyo.

Tikaika zonsezi pamodzi, chimene tikuona ndi ichi. Makina ayamba kutenga gawo limodzi, lomwe ndi ulendo wautali pa msewu wabwino, ndipo m'mayiko olemera gawo limeneli adzalitenga mochulukira chaka ndi chaka. Ku America anthu oposa 2 miliyoni amayendetsa mathiraki akuluakulu, pamene mathiraki opanda dalaivala pa misewu ya anthu onse anali owerengeka chabe mu 2025. Pa njira zathu za malire ambiri ndi maenje ambiri, kusinthaku kudzafika mochedwa. Koma tisagone tulo, pakuti moto umapita kumene kwatsala tchire. Ndani mwa ife amene tinakulira pa telegalamu ndi makalata a ku positi ofesi akanavomera kuti gogo wa kumudzi adzalandira ndalama pafoni? Mnyamata woyamba ntchito lero ali ndi zaka 30 kapena 40 zoti agwire, ndipo m'zaka zimenezo zambiri zidzasintha.

Mvula ndi matope ake

Chimene chikukopa eni mathiraki n'chodziwika. Ku America lamulo limalola dalaivala kuyendetsa maola 11 okha, kenako apume maola 10 asanayambenso. Makina satopa, sadya, sadwala, sapempha tchuthi kukaika maliro a amalume. Thiraki imene inkaima usiku ikhoza kuyendabe mpaka kucha, ndipo malipiro a dalaivala, amene kumeneko ali m'gulu la zinthu zodya ndalama zambiri pamodzi ndi mafuta, amatsala m'thumba la kampani.

Tinene chilungamo kuti palinso zabwino zimene munthu woganiza bwino sangazinyoze. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Africa ndi imene imataya ambiri. Zina mwa ngozizi zimadza chifukwa cha tulo, mowa, foni ndi kuthamanga, zimene kompyuta sichita. Ife amene taima pamanda kangapo konse kutonthoza ana a madalaivala tikudziwa mtengo wake. Tikudziwanso za ana okula osawadziwa bwino bambo awo, za mabanja amene anasweka chifukwa cha malo ogona a m'njira, ndi za matenda amene analowa m'nyumba kudzera pa misewu yomweyi. Nzeru yopanga zida zopeputsa ntchito ndi mphatso imene munthu anapatsidwa. Chigayo chinapumitsa amayi athu ku mtondo, ndipo palibe amene anachitcha tchimo.

Koma walira mvula walira matope. Chida chilichonse chachikulu chimasiya anthu ena panja. Njanji isanafike ku Blantyre mu 1908, katundu wotsika m'sitima za pa mtsinje wa Shire ankakwera mapiri pa mitu ya anthu, amtengatenga aja amene makolo athu ankasimba. Sitima ya pamtunda ndi malole zinathetsa ntchito imeneyo. Palibe amene amalakalaka kuti ibwerere, pakuti inali yothyola msana. Komatu dalaivala wa lero akumbukire kuti thiraki yake nayo inalanda ntchito ya wina, ndipo ife tonse tikumbukire kuti nthawi imeneyo olamulira sankawerengera za mawa a wosenza katundu.

Amagamula ndi anthu

Mbiri ya makontena ili ndi phunziro lina. Amene anayambitsa malondawa, Malcom McLean, poyamba anali dalaivala wa thiraki ku North Carolina. Mu Epulo 1956 anakweza makontena 58 pa sitima yotchedwa Ideal X kuchokera ku Newark kupita ku Houston. M'zaka zotsatira, amuna ambirimbiri amene ankapakira katundu m'sitima thumba ndi thumba anapezeka kuti safunikanso padoko. Koma kumadoko a kumadzulo kwa America, mu 1960, bungwe la ogwira ntchito motsogozedwa ndi Harry Bridges linakhala pansi ndi eni sitima n'kupangana. Antchito anavomera makina, ndipo eni sitima anavomera kuika ndalama m'thumba lapadera loteteza malipiro ndi kuthandiza opuma pantchito. Makina anabwerabe, koma phindu lake linagawidwako kwa amene anataya malo awo.

Mkangano womwewo ulipo lero pa mathiraki. Ku California aphungu a nyumba ya malamulo, mothandizidwa ndi bungwe la madalaivala la Teamsters, anavomereza bilu yoti m'thiraki yaikulu yodziyendetsa muzikhalabe munthu. Bwanamkubwa Gavin Newsom anakana kuisayina mu Sepitembala 2023, ndipo anakananso ina yofanana nayo mu 2024. Kaya wina agwirizana ndi aphunguwo kapena ndi bwanamkubwayo, chooneka n'chakuti nkhaniyi imagamulidwa m'nyumba za malamulo, m'maofesi a makampani ndi pa misonkhano ya ogwira ntchito. Tikamva wina akunena kuti makina ndi amene achotsa anthu ntchito, tidziwe kuti kumbuyo kwake kuli munthu amene anawerengera ndalama nasayina kalata.

Palinso funso la mlandu. Mu Malichi 2018 ku Tempe, ku Arizona, galimoto yaing'ono ya Uber imene inkayesedwa kudziyendetsa inagunda ndi kupha mayi amene ankawoloka msewu usiku akukankha njinga. Pampando panali wantchito woikidwa kuti aziyang'anira. Oimira boma pa milandu sanaizenge kampaniyo mlandu wa imfayo. Amene anaimbidwa mlandu ndi wantchito uja, ndipo anavomera kulakwa mu 2023. Kwathu kuno munthu akapha mnzake pangozi timayembekezera kuti iye kapena abale ake afika pa siwa kudzapepesa. Kompyuta sipepesa, ndipo singaimirire pamaso pa ofedwa. Choncho dziko lililonse lolola mathirakiwa liyenera kunena poyera, ngozi isanachitike, kuti woyankha mlandu ndi ndani, kuopa kuti phindu lizipita kwa akuluakulu pamene mlandu ukugwera wamng'ono.

Chitetezo chochititsa manyazi

Tsopano tibwere pa chimene chinatisowetsa mtendere pofufuza nkhaniyi. Thiraki yodziyendetsa ndi yodula kwambiri, ndipo imafuna mapu, intaneti yosadukaduka ndi amisiri oisamalira. Mwini kampani amaigula pokhapokha akawerengera n'kupeza kuti makina ndi otsika mtengo kuposa munthu. Ku America ndi ku Australia, kumene malipiro ndi okwera, masamu amenewa amatha kutuluka. Kwathu kuno malipiro a dalaivala ndi kadontho chabe poyerekeza ndi mtengo wa thiraki ndi wa katundu amene wasenza. Motero chimodzi mwa zinthu zimene zikuteteza ntchito ya dalaivala wathu ndi kuchepa kwa malipiro ake. Tingatonthozedwe nazo zimenezi popanda manyazi? Mu 2021 madalaivala a mathiraki atanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, sipanapite masiku ambiri mizere ya galimoto inaoneka pa malo omwetsera mafuta. Pamenepo m'pamene ambiri a ife tinakumbukira kuti anthu amenewa aliko.

Tisanafunse ngati makina adzalowa m'malo mwa dalaivala, tidzifunse ngati ife sitinayambe kale kumuyesa dalaivala makina. Amafika usiku kuchokera ku Durban, atadutsa Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda, m'mawa mwake auzidwa kuti abwerere. Amapatsidwa tsiku lofikira limene sangalikwanitse popanda kuthamanga kapena kusagona. Ndalama ya chakudya cha m'njira imachedwa, tayala likaphulika amamudula pamalipiro, ndipo maso akayamba kuchita khungu kapena msana ukakana amauzidwa kuti apite kwawo chimanjamanja. Si mabwana onse amene amatero, ndipo olungama alipo. Koma ena mwa otero timakhala nawo pa mabenchi a kutsogolo m'matchalitchi athu.

Mwamuna wa mayi wamasiye uja tinamuika m'manda ndife. Anagwa ndi thiraki mbandakucha, usiku wachiwiri asanagone mokwanira, chifukwa katundu ankafunika afike Lolemba. Amene anamutuma ankafuna wantchito wosatopa ndi wosagona, chimodzimodzi monga akufunira makampani a ku Texas. Kusiyana kwake n'kwakuti a ku Texas akulipira amisiri kuti awapangire chida chotere, pamene uyu anachifuna mwa munthu wa thupi ndi magazi. M'buku la Deuteronomo, malamulo a Mose amapereka tsiku lopuma kwa wantchito, ngakhalenso kwa ng'ombe ndi bulu, ndipo amaletsa kugoneka malipiro a waganyu wosauka mpaka tsiku lotsatira. Malamulo amenewa analembedwa kalekale makina asanabwere, koma amalozabe pa mtima womwewo wofuna phindu la munthu popanda kusamala munthuyo.

Pali zimene tingachite lero osadikira thiraki ya ku Texas. Eni mathiraki apereke nthawi yogona, malipiro pa tsiku lake ndi penshoni imene lamulo limafuna. Boma ndi mabungwe a madalaivala ayambe kukambirana nyengo idakali yabwino, monga anachitira a kumadoko mu 1960, kuti zida zatsopano zikamafika pazikhala maphunziro ndi thandizo kwa okhudzidwa. Zida zina zothandiza dalaivala, monga zochenjeza akayamba kusinza ndi zogwira mabuleki zokha pakakhala choopsa kutsogolo, zilipo kale m'mathiraki atsopano, ndipo zimenezi tizilandire ndi manja awiri. Mipingo nayo isamamuone dalaivala ngati mkhristu wofooka chifukwa amasowa Lamulungu. Akulu ampingo aziyendera banja lake iye ali paulendo, ndipo akabwera azimufunsa za moyo wake asanamufunse za chopereka.

Yankho lathu kwa mayi aja

Patapita milungu iwiri tinakawachezera mayi aja kunyumba kwawo. Mnyamata anatilandira, natiyalira mkeka, iye n'kukhala chapatali pang'ono. Tinati, "Mayi, mbuzi gulitsani, mwana aphunzire. Monga tikuonera ife, njira ya ku Beira idzafunabe dalaivala kwa zaka zambiri." Kenako tinatembenukira kwa mnyamatayo nati, "Koma iwe mwana wanga, usakakhutire ndi chiwongolero chokha, pakuti ndicho makina akuyamba kutenga. Ukaphunzire injini ndi zamagetsi za m'galimoto. Ukadziwe mapepala a pa chipata ndi malamulo a katundu. Usaope kompyuta, ndipo Chipwitikizi ndi Chiswahili uzitole mwakhama. Ukayamba kulandira, uzisunga kangachepe mwezi ndi mwezi, ulowenso m'bungwe la anzako, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koposa zonse, tulo tikakugwira uime ugone, ngakhale abwana akalipe."

Mnyamata anayankha kuti, "Ndamva, abusa." Mayi ake anakhala chete kanthawi, akuyang'ana kukhola. Kenaka anati, "Zikomo abusa. Makinawo ine sindikuwaopanso kwambiri. Ndikungopempha kuti mwanayu akapeze bwana wodziwa kuti munthu amagona."

Pamene mukuwerenga nkhaniyi, pali amuna ndi amayi ena amene ali pamzere pa Mwanza, pa Dedza, pa Mchinji ndi pa Songwe, akuphika nsima pa kambaula m'mbali mwa matayala, kudikira mapepala kuti mafuta ndi feteleza zitifikire. Madzulo ano, pamene banja lasonkhana kupemphera musanagone, muwatchule. Ndipo ngati mmodzi wa iwo amagwira ntchito kwa inu, muyang'ane m'buku lanu la malipiro ndi la maulendo, muone kuti anagona liti kunyumba kwake.

Mulungu akusungeni nonse, a pakhomo ndi a paulendo.